Tsiku Limene Chigoba Chinanyamula Achimwene

Ndinadzuka kusanache, tambala woyamba atangolira. Kugona kwake kunali kongotsinzina. Tinali titapanikizana amayi okhaokha m'nyumba ya siwa, ena atatsamira khoma, ena atapinda miyendo pamphasa, ndipo bokosi la achimwene anga a Layisoni linali pakati pathu pamabenchi awiri a kutchalitchi. Nyimbo zinali zitaleka, anthu mawu atawathera. Amayi anga anakhala kumutu kwa bokosi, osalankhula, osalira, akungoyang'ana nyali. Mwana wanga Tadala, yemwe anali atangoyamba kumene kuyenda, anali m'tulo pamiyendo panga.

Mvula inali itagwa usiku wonse, yosakalipa koma yosaleka. Kwathu kuno kumapiri, kumtunda kwa Magaleta, mvula ikagwa chotero dothi lathu lofiira limaterera ngati sopo. Amuna amene anachezera panja anali atasunthira moto wawo m'chisakasa, ndipo utsi unkalowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko.

Chimene chinandidzutsa ndi kugogoda kwa hamala kuseri kwa nyumba. Ndinaganiza kuti akuwonjezera malo okhala alendo. Ndinabereka mwana n'kutuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndinapeza amuna angapo akuunikira ndi mafoni, akuyala matabwa kumbuyo kwa Chigoba. Mmodzi anatenga chingwe n'kuyeza utali wa matabwawo, kenako anayang'ana kunyumba kumene kunali bokosi.

Chigoba ndi galimoto imene achimwene anapanga okha kuseri kwa nyumba ya amayi. Ntchito yawo inali yokonza njinga zamoto ndi zigayo, koma mtima wawo unali pa mpikisano wina umene ankaonera pa foni, wa magalimoto awiri amene amaima pamzere, kenako n'kuthamanga kamtunda kakafupi kowongoka kuti aone wofika msanga. Ankati kutauni anyamata amachita zimenezi, ndipo tsiku lina kudzafika galimoto yochokera ku Neno, anthu adzasiya kuseka. Chuma analibe. Anagula kapikapu kakale kopanda injini, kamene nkhuku za eni ake zinkaikiramo mazira. Injini anaipeza pambuyo pake, yochotsedwa m'galimoto yaikulu imene inachita ngozi, ndipo inadya mbatata ya kachewere ya m'munda mwawo yonse. Zina zonse ankachita kusinthanitsa. Mipando anagulitsa n'kusiya umodzi. Magalasi anachotsa, malata a pansi kumbuyo anadula, thanki ya mafuta anachotsa n'kumangirira kachigubu. Ankati chilichonse cholemera ndi mdani. Zitseko zinkagwedera, ndiye anangoziwotcherera, munthu n'kumalowera pawindo. Ana a m'mudzi ndiwo anaitcha Chigoba, ndipo dzinalo linakhala.

Ife a pakhomo tinkasonkha osadziwa. Beseni langa lochapira linasowa, ndinakalipeza lili ndi oilo. Sefa ya ufa ya amayi anaidula kuti itchinge fumbi pakamwa pa injini. Ukadandaula ankangoseka, n'kunena kuti, "Iwe usadandaule, ndidzakufikitsa ku Lisungwi madzi a tiyi asanawire." Mkazi sanakwatire. Amayi anayesa kuwatchulira atsikana a kutchalitchi mpaka anatopa.

Si galimotoyo imene inawapha, monga ambiri ochokera kutali ankaganizira. Anadwala mutu, khosi n'kuuma, tinathamangira nawo kuchipatala ndipo sanabwerereko. Chigoba sichinapiteko ku mpikisano ngakhale kamodzi.

Mmodzi mwa ogogoda aja anali mwamuna wanga, bambo a Tadala. Atandiona anasiya hamala n'kubwera pamene ndinaima.

"Matabwawo ndi a chiyani?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Anzawo a alamu afika usiku, ena a ku Blantyre, ena a ku Zalewa. Akuti alamu anawauza kuti akadzafa asadzawanyamule pamapewa ngati thumba la feteleza. Adzakwere Chigoba, injini ikulira."

"Ankanena akuseka zimenezo. Ngakhale ine anandiuzapo."

"Malume anu avomera."

"Ayendetse ndani?"

Anangoyang'ana zala zawo.

Anthu amene anayendetsapo Chigoba anali awiri okha, ndipo mmodzi anali m'bokosi. Chilimwe chathachi anachikoka ndi lole ya mbatata mpaka ku Lisungwi kukachiyesa pa tala, ndipo bambo a Tadala, amene ankathandiza alamu awo kugwira zitsulo, anapatsidwa kuti alaweko. Tsiku limenelo anabwera kunyumba osafuna kudya. M'mawa mwake ndi pomwe anandiuza kuti chinthu chija sichidziwa kuyenda pang'onopang'ono, ukangonyamula phazi chimalumpha ngati mbuzi yodula chingwe. Anati mabuleki akumbuyo alamu awo anawasinthanitsa ndi chitsulo china cha injini, atsala akutsogolo okha. Matayala akumbuyo anagula akutha, osalala ngati chikhatho, poti ndi otchipa komanso pa tala wouma amagwira bwino. Ndipo zitsulo zoyendetsa matayalawo anaziwotcherera pamodzi kuti azizungulira mofanana, ndiye galimotoyo imakana kukhota. Izi zokana kukhota ndinkazidziwa kale, chifukwa pofuna kuchitembenuza pabwalo ankachita kuitana anthu kudzachinyamula kumbuyo.

Njira ya kumanda kwathu ndi mtsetse. Imatsika kuchokera patchalitchi, n'kudutsa m'minda ya chimanga, kenako imakhota mwadzidzidzi kumanzere. Wolephera kukhota pamenepo amapita m'chigwembe, ndipo pansi pake pali miyala ndi mtsinje. Ngolo ya ng'ombe inagwerapo ine ndili mtsikana, ng'ombe zonse ziwiri anazipha pomwepo.

"Bambo a Tadala, mukakane."

"Ndikane bwanji? Ndine mkamwini pamudzi pano. Malume andiuza pamaso pa anthu. Ndikanene kuti ndikuopa?"

"Eya, mukanene choncho. Kodi simukuopa?"

"Ndiika giya yoyamba basi. Ndizipita nacho pang'onopang'ono."

"Munandiuza nokha kuti pang'onopang'ono sichidziwa."

"Pitani mukathandize anzanu kumoto, amake Tadala. Anthu akutiyang'ana."

Kutacha kunali nkhungu, moti mapiri a kutsidya sankaoneka. Kuseri kwa khitchini amayi a m'mudzi anali atandanditsa mafuwa mzere wonse. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkatiliza tonse, ndipo sukanadziwa kuti uyu akulira maliro kapena utsi. Ine anandiuza kuti ndikakhale m'nyumba ndi amayi monga namfedwa, koma kukhala pansi kunandikanika. Ndinatenga mpeni n'kumadula kabichi. Ndinadzicheka chala osamva, anandiuza ndi mnzanga ataona magazi m'lichero.

Anthu anayamba kufika m'mamawa. Ena anachokera ku Luwani, ena ku Matope kumene achimwene ankapita kukakonza zigayo ndi mapampu othirira. Anyamata a kabaza anabwera gulu, njinga zawo zili matope okhaokha, ndipo ambiri anali atagwa nazo panjira. Aliyense wofika ankayamba wanena za msewu asanapepese maliro. Anzawo a achimwene a kutauni aja galimoto yawo inali itatitimira kumunsi kwa phiri, ndipo anakwera wapansi mumdima atasenza mabotolo a petulo wa Chigoba. Sanali anthu oipa. Mmodzi, wamtali wovala jekete yachikopa, ndinamuona akupukuta galimotoyo ndi mpango wake akulira ngati mwana. Anamanga nsalu yakuda kutsogolo ndi maluwa m'mbali. Koma njira ya kumanda kwathu anali asanaione.

Ndinayamba ndi akazi a malume, amene ankayang'anira zophika. Anandimvetsera mpaka kumapeto akutakasa nyemba, kenako anati nkhani ya bokosi ndi ya amuna, ife yathu ndi miphika ndi nyimbo. Ndinadikira. Malume atatuluka m'chisakasa kuti asambe m'manja ndinawatengera madzi ndekha, n'kugwada, n'kunena zonse zimene ndinkadziwa, za matayala, za mabuleki, za pokhota paja.

Malume ndi munthu wofatsa, ndipo tsikulo anaoneka okalamba kwambiri. Anati, "Mwana wanga, mlongo wako sanasiye mkazi, sanasiye mwana. Wasiya chitsulo chimenecho basi. Zaka zonsezi tinkamuseka, ine ndemwe ndinkamuseka. Lero ndimukanizenso?"

Ndinathira madzi m'manja mwawo mpaka jagi inatha.

Nditabwerera kumoto ndinayang'ana pakhomo pa nyumba ya siwa, pamene amayi ankalowa ndi kutuluka atafunda zitenje kumutu. Maganizo amene anandibwerera anali oipa. Ndinaganiza kuti mabenchi aja sabwezedwa n'komwe kutchalitchi, angowasunthira kunyumba kwanga. Ndinaganiza za chimanga chathu chimene tinali tisanamalize kubandira, ndi za Tadala amene sanayambe n'kutchula komwe kuti ababa. Ndinalavula pansi n'kupemphera, koma pempherolo silinkatha, linkangobwerera poyambira.

Kenako anafuna amayi oti apititse chakudya kwa adzukulu, anthu okumba manda. Ndinadzipereka, ngakhale namfedwa sachita zimenezo. Akazi a malume anandiyang'ana koma sanandiletse. Ndinasiya mwana kwa mnzanga n'kusenza dengu. Tinatsika opanda nsapato, zala za kumapazi tikuzikhomerera m'matope. Pokhota paja mayi wina anaterereka n'kukhala pansi, ndiwo zinatayika theka. Ine ndinaima n'kusuzumira m'chigwembe. Mtsinje unali utadzaza, wofiira, ukukokolola nthambi ndi mapesi. M'mphepete mwa njira dothi linali litang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa.

Ife amayi timaima kunja kwa mitengo ya kumanda n'kuitana. Anatulukira mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wopanda mano akutsogolo, matope mpaka m'chiuno. Adzukulu ndi anthu oti pamaliro amanena chilichonse, palibe wowakwiyira.

"Ndiwo zake ndi zimenezi?" anatero akuvundukula mbale. "Kapena mwayamba mwadya panjira?"

Ndinawauza kuti ndili ndi mawu. Ndinanena zonse kachitatu tsiku limenelo.

"Ndiye mukuti tikumbe angati? Nenani pompano tisanasambe, makasu akadali m'manja."

Anzawo anaseka kuseri kwa mitengo. Ine misozi inangotsika. Ataona choncho anasiya nthabwala n'kufunsa amene ayendetse.

"Bambo a Tadala."

"Mkamwini uja amatibwereka fosholo?"

"Omwewo."

Anatafuna kanthawi akuyang'ana kumtunda. "Maliro akatuluka pakhomo ndi athu mpaka titakwirira. Ife sanatifunse. Bwererani, mayi, mwana akulira kumtundako."

Sanalonjeze kanthu. Ndinasenza dengu n'kukwera chitunda chija.

Mwambo unayamba masana, ngakhale dzuwa silinaoneke. Tinaona nkhope. Achimwene anaoneka ngati agona atatopa ndi ntchito, kachipsera ka moto wowotcherera kali pachipumi. Analankhula a kubanja, oimira amfumu, kenako wa jekete uja m'malo mwa anzawo. Abusa analalikira mwachidule poona mitambo. Zimene ananena sindinazimve. Maso anga anali pa mwamuna wanga, amene anakhala payekha pamwala pafupi ndi Chigoba, atavala shati yoyera, akupukuta zikhatho pathalauza mobwerezabwereza.

Bokosi litakwezedwa pamatabwa paja n'kumangidwa, amayi a mpingo anafola kutsogolo ndi nkhata za maluwa monga timachitira nthawi zonse, amayi anga ali pakati pawo, awiri atawagwiriziza. Ndi pomwe mkulu wa adzukulu anatulukira, anthu ake atanyamula zingwe zotsitsira bokosi m'manda ndi zina zomangira ng'ombe. Sanapite kwa malume. Anaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza kuti lero amayi onse ayenda kumbuyo, kutsogolo kwa galimoto kusapezeke ngakhale galu. Mkulu wina wa mpingo anati mwambo suli choncho.

"Manda takumba amodzi, abambo," anayankha. "Enawo mukakumba nokha."

Anatinso injini isalizidwe, galimotoyo ikankhidwe ndi manja, pamtsetse igwiridwe ndi zingwe. Apa a kutauni aja anakana. Wa jekete anachita kugwada m'matope, kunena kuti lonjezo linali lakuti injini ilire, munthu anaivutikira zaka, aimve komaliza. Anakangana kanthawi, malume ali pakati mutu uli pansi. Pomaliza anagwirizana kuti injini ilire, koma zingwe zimangidwe kumbuyo, amuna azigwira. Ine ndinamva kupepukidwa pang'ono chifukwa cha amayi ndi ana, koma wanga uja anali akulowabe m'menemo.

Analowera pawindo, miyendo kutsogolo. Sanandiyang'ane. Chigoba chitalira, ana anathawa, makanda anakuwa, nkhuku zinabalalika pabwalo. Chigoba chilibe paipi yaitali ya utsi, phokoso lake umalimva m'chifuwa. Tadala anandikakamira kumsana zikhadabo zake n'kundilowa. A kwaya anayambitsa nyimbo, koma inkangooneka pakamwa.

Atangonyamula phazi chinalumpha. Amuna a pazingwe anagwa chafufumimba, bokosi linagunda chitsulo cha kuseri kwa mpando, ndipo amayi anga anakuwa dzina la mwana wawo koyamba tsiku limenelo. Chinaima. Amuna anadzuka, ena akuseka chifukwa cha mantha. Kuchoka panyumba kufika patchalitchi ndi pathyathyathya, ndipo tinayenda choncho, kulumpha n'kuima, kulumpha n'kuima, matayala akuwaza matope pa zovala zoyera za amayi. Titafika pamwamba pa mtsetse mvula inayamba kuwaza.

Poyamba zinkaoneka ngati zitheka. Amuna ambiri anawonjezekera pazingwe, a kabaza, a kutauni, ngakhale mkulu wa mpingo uja. Ankatsamira chagada, zidendene zikulima pansi. Ine ndinachoka pamzere wa amayi n'kumayenda m'mbali, m'mizere ya chimanga, kuti ndiziona mutu wa mwamuna wanga. Titatsika theka la mtsetse ndinaona kuti matayala akutsogolo asiya kuzungulira koma galimoto ikupitabe. Anali ataponda buleki, ndipo chinkangotsetsereka. Kenako injini inazima, anaizimitsa okha. Bata limene linagwa pamenepo linali loopsa kuposa phokoso lija. Nyimbo inaleka. Kunkangomveka matope akulira pansi pa matayala ndi amuna akubuula pazingwe.

Pokhota paja ndinawaona akupotoza chiwongolero kumanzere mpaka kumapeto. Matayala anakhota, Chigoba sichinakhote. Sichinathamange ayi. Chinkapita mwapang'onopang'ono monga timayendera kumaliro, molunjika kuchigwembe. Chingwe chimodzi cha ng'ombe chinaduka, amuna a pamenepo anagwa mulu. Galimoto inapotoka, tayala lakutsogolo la mbali ya woyendetsa linatsika m'mphepete, dothi linagumuka n'kugwera mumtsinje. Chinapendekeka n'kuima, mimba yake itakhala pansi, mphuno ili m'malere.

Sindikumbukira kuti Tadala ndinamupatsa ndani. Ndinangozindikira ndili pachingwe pakati pa amuna, maondo ali m'matope. Panalibe wondiuza kuti mkazi sagwira chingwe cha maliro. Mkulu wa adzukulu anakuwa kuti aliyense asasunthe, ndipo anthu ake awiri anathamanga ndi nsonga ya chingwe kukakulunga pamtengo wa m'mbali mwa njira. Chingwecho chinali chachifupi, chinangokwana kuzungulira kamodzi, kotero mphamvu yonse inali idakali m'manja mwathu.

Ena anathamangira kukamasula bokosi, poopa kuti maliro agwera m'madzi. Ndi pomwe ndinamva mawu a mwamuna wanga, osakuwa, ngati akulankhula m'nyumba.

"Musatsitse bokosi. Kumbuyoku kulibe cholemera china. Alamu ndi amene akundigwira."

Manja amene anali pamfundo anabwerera. Windo la mbali yawo linali pamwamba pa chigwembe, chitseko n'chowotcherera. Anayenera kukwawira mbali inayo, pamene panalibe mpando, panali zitsulo zokhazokha ndi kachigubu ka petulo. Akasuntha pang'ono Chigoba chinkalira ngati chitseko chakale, ndipo chingwe chinkayenda m'manja mwanga chikundidya khungu. Ndinkafuna kuwaitana koma ndinaopa kuti atembenuka.

"Pang'onopang'ono, mkamwini," anatero mkulu wa adzukulu. "Kuno liwiro sitikulifuna."

Palibe anaseka. Kunatulukira dzanja pawindo, kenako mutu. Wa jekete uja ndi malume anawagwira m'khwapa n'kuwasolola ngati mwana wa ng'ombe pobadwa. Anagwera pamatope n'kukhala pomwepo, miyendo itatambalala, akupuma ndi pakamwa. Ine chingwe sindinachisiye mpaka bambo wina anachita kunditsegula zala.

Amuna ena anakhala pamatabwa paja kuti kumbuyo kusanyamuke, ndipo adzukulu anamasula bokosi n'kuliika pamapewa. Zingwe zonse anazilumikiza n'kumangirira galimoto kumtengo. Kuchoka pamenepo achimwene anapita monga amapitira aliyense wa m'mudzi mwathu. Amayi a mpingo aja anadutsa m'chimanga n'kubwerera kutsogolo, nyimbo inayambanso, yonjenjemera. Kumanda kunalibe chingwe chotsitsira, ndiye adzukulu anakapa madzi m'dzenje, n'kulowamo okha, n'kulandira bokosi ndi manja.

Dothi litayamba kugunda bokosi ndi pomwe ndinakumbukira kuti achimwene anga amwalira. Tsiku lonse ndinali ndisanawalire. Ndinalira mpaka amayi ena anandigwira. Nkhata yanga ndinaiika ndi nsonga za zala, chifukwa manja ankakana kupinda.

Pobwerera aliyense anadutsa pafupi ndi Chigoba, chili chipendekekere, nsalu yakuda ija ikulendewera pamwamba pa mtsinje. Amayi ankaphimba ana kumaso. Bambo wina wa kabaza anaima n'kujambula. Anthu anadya mofulumira n'kuyamba kumwazikana poopa msewu. A kutauni aja anakagwada kwa malume ndi kwa amayi kupepesa, ndipo amayi anawagwira mitu mmodzimmodzi. Asananyamuke, wa jekete anatengera mwamuna wanga pambali n'kulankhula nawo nthawi yaitali, akuloza kumunsi. Bambo a Tadala sanagwedeze mutu kuvomera kapena kukana.

Madzulo pakhomo panali zii. Achibale otsala anali m'nyumba ya amayi, kudikira mwambo wa kusesa m'mawa mwake. Kuseri kwa khitchini kunatsala phulusa lonyowa ndi miphika yovundikira. Pamene pankakhala Chigoba panali dothi lakuda ndi zidutswa za matabwa. Ine ndinapita kunyumba kwathu kukagoneka mwana, ndipo ndinapeza mwamuna wanga atakhala pakhonde, shati ya matope ija asanavule. Ndinakhala pambali pawo.

"Amakuuzani chiyani uja wa jekete?"

"Akuti mvula ikatha abwera ndi lole adzachikoke. Akuti injini ija ndi yabwino, sangaisiye iwole. Akufuna chikafike ku mpikisano m'dzina la alamu. Akuti amene amachidziwa ndine."

Kutsidya kunkagunda mabingu, ndipo mphepo inayamba kugwedeza chimanga. Iwo anayang'ana kumwamba, kenako anaimirira.

"Chipepala chakuda chija chofolerera nkhokwe chili kuti? Injini ija ilibe chivundikiro, ili pambalambanda. Madzi akalowa pamwamba paja, basi, yatha."

"Chili kuseri kwa chitseko."

Sindinaname ndipo sindinawaletse. Ndinangokhala, manja ali pamaondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba poti ndi mmene zinkapwetekera pang'ono. Analowa n'kutuluka nacho atachipinda kukhwapa. Atafika pamphepete pa khonde anatembenuka kuti anene kanthu, ndipo maso awo anagwera m'manja mwanga. Anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Chachitika n'chiyani apa?"

"Chingwe."

"Inu munali pachingwe?"

"Ndinali pachingwe."

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Madontho oyamba anayamba kugunda pansi, akuluakulu. Kenako anatsika pakhonde, ndipo mtima wanga unatsika nawo. Sanalowere njira ya kumanda. Anakhotera kumbali kwa nyumba, anatambasula chipepala chija pamulu wa nkhuni zathu, n'kupsinja ndi miyala m'makona. Anabwera akudontha n'kukhalanso pambali panga.

Mvula inagwa yamphamvu mpaka kunada, ndipo tonse awiri tinkadziwa kumene ikulowa.